Ma antioxidant amathandiza pa matenda ena, koma mapiritsi ake akhoza kuvulaza

Mapiritsi a mavitamini omwe amagulitsidwa ndi lonjezo loteteza anthu ku khansa ndi matenda a mtima sapereka chitetezo chotere kwa munthu yemwe amadya mokwanira, ndipo ena mwa iwo amawonjezera chiopsezo cha matendawo. Izi ndi zomwe kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wakhala akuonetsa kuyambira m'chaka cha 1994 pa nkhani ya ma antioxidant.

Ma antioxidant ndi michere monga vitamini C, vitamini E, beta-carotene ndi selenium. Thupi likamagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni popanga mphamvu, pamatuluka tinthu tina totchedwa ma free radical, tomwe timaononga maselo monga momwe dzimbiri limadyera chitsulo. Utsi wa fodya ndi mpweya woipa zimachulukitsa tinthuti. Ntchito ya ma antioxidant ndi kuchepetsa mphamvu yake.

Micherewu imapezeka mu zakudya monga malambe, magwafa, mango, mapapaya, maungu, bonongwe, nkhwani, mtedza ndi mbatata yofiira mkati. Akatswiri ataona kuti anthu odya zipatso ndi ndiwo zamasamba zambiri sadwaladwala mtima ndi mitundu ina ya khansa, anaganiza kuti kuika micherewu m'mapiritsi pa mlingo waukulu kungathandize kwambiri. Zotsatira zake sizinali choncho.

Ku Finland, abambo osuta fodya oposa 29,000 anatenga nawo mbali pa kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 1994. Pakati pa omwe amamwa beta-carotene, khansa ya m'mapapo inakwera ndi 18 peresenti poyerekeza ndi omwe sanamwe. Kafukufuku wina wa ku America, wa anthu oposa 18,000 omwe anapatsidwa beta-carotene pamodzi ndi vitamini A, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane m'chaka cha 1996, khansa yomweyo itakwera ndi 28 peresenti.

M'chaka cha 2011, kafukufuku wotchedwa SELECT, yemwe anakhudza abambo oposa 35,000, anapeza kuti omwe amamwa vitamini E tsiku ndi tsiku anali pa chiopsezo chokwera ndi 17 peresenti chodwala khansa ya prostate. Chaka chotsatira, bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 78 wa anthu pafupifupi 300,000 ndipo silinapeze umboni woti mapiritsiwa amatalikitsa moyo.

Dziko la Malawi nalo lili ndi umboni wake. Kale akatswiri ena amakhulupirira kuti matenda otupikana a kwashiorkor amayamba chifukwa cha kuchepa kwa ma antioxidant m'thupi la mwana. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'chaka cha 2005 anatsatira ana 2,372 a zaka za pakati pa chimodzi ndi zinayi m'midzi ya m'chigawo cha kumwera kwa masabata 20. Theka la anawo limalandira ufa wokhala ndi vitamini E, selenium ndi michere ina, koma ufawo sunawateteze ku matendawa.

Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti ma free radical si oipa nthawi zonse. Asilikali a m'thupi amawagwiritsa ntchito popha tizirombo toyambitsa matenda, ndipo thupi limawadaliranso pochotsa maselo omwe aonongeka. Thandizo lina la khansa, monga lowotcha chotupa ndi cheza, limagwira ntchito kudzera mwa tinthu tomweti. N'chifukwa chake odwala khansa amalangizidwa kuti asamwe mapiritsi otere asanafunse dokotala wawo.

Palinso zovuta zina. Vitamini E wochuluka amachititsa kuti magazi azichedwa kugwirana, zomwe n'zoopsa kwa omwe akumwa mankhwala monga warfarin. Vitamini C wopitirira muyeso amatsegula m'mimba ndipo akhoza kuyambitsa timiyala mu impso.

Komabe pali matenda omwe ma antioxidant ndi mankhwala enieni. Munthu akamwa paracetamol wambiri, chiwindi chake chimaonongeka, ndipo achipatala amagwiritsa ntchito acetylcysteine, yemwe amabwezeretsa chitetezo cha chiwindi. Mankhwalawa, omwe ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, amagwira bwino ntchito akaperekedwa pasanathe maola asanu ndi atatu.

Pa matenda a maso a okalamba, omwe amaononga pakati pa kachigamba kolandira kuwala m'diso, kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 2001 anapeza kuti vitamini C, vitamini E, beta-carotene ndi zinc zimachepetsa ndi pafupifupi 25 peresenti chiopsezo choti matendawo afike poipa. Izi zinathandiza okhawo omwe anali atayamba kale kudwala, ndipo pambuyo pake beta-carotene anachotsedwamo pofuna kuteteza osuta fodya.

Nkhaniyi sikukhudza vitamini A yemwe ana osapitirira zaka zisanu amalandira ku sikelo, kapena michere yomwe imaperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi anthu onyentchera. Kumeneko cholinga ndi kubwezeretsa chomwe chikusoweka m'thupi, pa mlingo womwe achipatala anakhazikitsa.

Kwa adindo omwe amakonza ndondomeko za umoyo ndi kugula mankhwala, mafunso ofunika ndi atatu: matenda ake ndi ati, mlingo wake ndi wotani, ndipo umboni wake uli kuti. Pomwe munthu sakusowa michere m'thupi, ndalama zolimbikitsira ulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba komanso kuchepetsa kusuta fodya zimapindulira anthu ambiri kusiyana ndi zogulira mapiritsi.