Nkhodolero siichulukitsa mawu

Ambiri a ife ochokera ku Chitipa tinakula tikulankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha kapena Chitumbuka. Chichewa ndi Chingerezi tinazipeza kusukulu, ndipo zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito nkhodolero ('), koma mosiyana. Tikasakaniza malamulo ake, timataya malikisi pa mayeso, ndipo nthawi zina timalemba zomwe sitinafune kunena.

M'Chichewa nkhodolero ili ndi ntchito zitatu zazikulu. Yoyamba ndi kusiyanitsa liwu la ng' ndi la ng. Ng'oma timaimba, pamene ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Apa palibe chilembo chomwe chachotsedwa: nkhodolero ndi mbali ya liwulo, monga mu ng'ombe, ng'ona ndi pang'ono. Mayina a kwathu monga Ng'ambi ndi Ng'oma amatsata lamulo lomweli. Choncho polembetsa mayeso a MSCE kapena chiphaso cha unzika, tiwerenge dzina lathu bwinobwino tisanasaine. Pepala lina likati Ng'ambi, lina n'kuti Ngambi, pa nthawi yofunsira ntchito kapena ngongole ya sukulu tikhoza kuvutika kutsimikiza kuti ndife munthu mmodzi yemweyo.

Ntchito yachiwiri ndi kuonetsa kuti zilembo zina zasiyidwa. "Mu nyumba" amasanduka "m'nyumba", ndipo "ndi chifukwa" amasanduka "n'chifukwa". Njira yodziyesera ndi yapafupi: tibwezere zilembo zomwe tikuganiza kuti zachoka. Ngati mawu akumveka, nkhodolero ili pamalo pake. Mawu ngati mlimi, mtengo ndi mlendo safuna nkhodolero.

Yachitatu ndi kulekanitsa m wodziimira payekha ndi b wotsatira. M'bale ndi wachibale kapena mnzathu mumpingo, pamene mbale ndi yodyeramo nsima. Mlembi wa mpingo akalemba kuti "tilandire mbale wathu wochokera ku Nthalire", wowerenga zolengeza pa Sabata amakhala pa mayeso.

Pa ntchito zitatuzi palibe yoonetsa umwini kapena kuchuluka. Umwini timauonetsa ndi timawu monga wa, la, cha ndi za: buku la mphunzitsi, khofi wa ku Misuku. Kuchulukitsa timasintha kumayambiriro kwa dzina: mudzi, midzi, chipatala, zipatala. Ngakhale mawu obwereka amatero, ndiye timalemba makompyuta, osati ma'kompyuta.

Chingerezi n'chomwe chimaonetsa umwini ndi nkhodolero. Mwini akakhala mmodzi, timalemba nkhodolero kenako s: "the pastor's Bible", "the Lord's Supper", kapenanso buku la Ellen G. White la 1900, "Christ's Object Lessons". Eni akakhala ambiri ndipo dzina lawo latha kale ndi s, nkhodolero imabwera pambuyo pake. "The student's hostel" ndi chipinda chogona cha wophunzira mmodzi, pamene "the students' hostel" ndi ya tonse. Mayina ochuluka omwe sathera ndi s, monga "women" ndi "children", amatenga nkhodolero ndi s. N'chifukwa chake nthambi za mpingo wathu zimalembedwa "Women's Ministries" ndi "Children's Ministries", osati "Womens'".

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuponya nkhodolero paliponse pomwe taona s. Nthochi zogulitsa ndi "bananas", osati "banana's", ndipo ana athu a mayunifomu aja ndi "Pathfinders", opanda nkhodolero. Palibe chomwe akuti n'chawo, angochuluka basi. Tisamalenso ndi "its" ndi "it's". Woyambayo ndi wa umwini koma alibe nkhodolero; wachiwiriyo ndi chidule cha "it is" kapena "it has", monga momwe m'nyumba alili chidule cha mu nyumba.

Enafe tikamaliza maphunziro tidzabwerera kukaphunzitsa ku Kameme, Wenya kapena Chisenga, kumene mwana amafika ku sukulu ali kale ndi chinenero chake. Zomwe tidzalembe pa bolodi n'zomwe ana makumi angapo adzakopere m'makope awo. Tisanaike nkhodolero tidzifunse: kodi ikusiyanitsa liwu, ikuimira zilembo zosiyidwa, kapena, m'Chingerezi, ikuonetsa mwini? Ngati yankho ndi ayi pa zonsezi, tiisiye.