Mayina Ochokera ku Aneni a Kulankhula Pagulu

Chiyambire chaka cha 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko la Malawi, ntchito yomasulira mawu a akuluakulu pa misonkhano yakhala ikukulirakulira. Vuto limene omasulira, alembi ndi akonzi amakumana nalo kawirikawiri nlakuti Chingerezi chili ndi liwu limodzi, speech, lotchulira zimene munthu wanena komanso njira imene wanenera. Chichewa chimasiyanitsa zinthuzi ndi aphatikiri, ndipo mlembi wosokoneza aphatikiriwo amasintha tanthauzo la nkhani yonse.

1. Dzina la munthu

Dzina lakuti mlankhuli lili m'gulu la Mu-A. Limapangidwa poika m- koyambirira kwa tsinde la mneni ndi -i kumathero, monga momwe zilili ndi mlimi, mlembi ndi mlaliki. Mayina otere amasonyeza ntchito yanthawi zonse kapena luso la munthu. Tsono mlankhuli ndi munthu wodziwa kuluka mawu pagulu, pamene wolankhula ndi aliyense amene wapatsidwa mpata panthawiyo, kaya ali ndi luso kaya alibe. Pa ndondomeko ya mwambo nkoyenera kulemba kuti "Wolankhula woyamba: a nyakwawa", pakuti chikutchulidwa pamenepo ndi mpata osati luso.

Mneneri ndi dzina lochokera ku mneni kunenera, ndiye kuti kunena m'malo mwa wina. M'Buku Lopatulika dzinali limatchula anthu monga Yesaya ndi Yeremiya, koma m'nyuzipepala ndi pa wailesi limatchulanso munthu wolankhulira bungwe. Matanthauzo onse awiri ndi ovomerezeka. Chofunika nchakuti mlembi atchule mwini mawuwo, monga mneneri wa apolisi kapena mneneri wa chipani. Dzina lakuti mneni, ngakhale lidapangidwa bwino, lidatengedwa kale ndi malamulo a chilankhulo, kotero silingatchule munthu wolankhula pa msonkhano.

Sipikala wa Nyumba ya Malamulo ndi dzina lobwereka, ndipo kubwerekako kuli ndi chifukwa. Ntchito ya munthuyo ndi kutsogolera zokambirana za aphungu ndi kusungitsa bata m'nyumbamo. Kumutchula kuti mlankhuli kungasocheretse owerenga.

2. Dzina la zimene zanenedwa

Zimene munthu wanena pagulu ndi zolankhula zake kapena mawu ake. Pamene mwambowo uli ndi dzina lakelake, dzina limenelo ndilo loyenera: ulaliki m'tchalitchi, malonje polandira alendo, chilengezo podziwitsa anthu zimene zagamulidwa, ndemanga pothirirapo pa zimene wina wanena. Palinso mawu otsegulira, mawu othokoza ndi mawu achipepeso. Dzina lakuti chilankhulo silingalowe m'malo mwa mayina amenewa, chifukwa limatchula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zina zotero.

3. Dzina la njira

Apa ndi pamene pagona chisokonezo chachikulu. Mayina othera ndi -idwe kapena -edwe amasonyeza njira yochitira chinthu. Kalankhulidwe kapena malankhulidwe ndi mmene munthu amalankhulira: mofatsa, mwaukali, mwamwano kapena mwaulemu. Ziganizo ziwiri izi zikuonetsa kusiyanako:

(a) Anthu adadandaula ndi zolankhula za mfumu.
(b) Anthu adadandaula ndi malankhulidwe a mfumu.

Chiganizo (a) chikuti anthu sadagwirizane ndi mfundo za mfumuyo. Chiganizo (b) chikuti mfumuyo idalankhula mosayenera, mwina mwachipongwe. Mkonzi amene wasindikiza (b) m'malo mwa (a) wanamizira mfumu khalidwe limene ilibe. Pachifukwa chomwecho, nkulakwa kulemba kuti "malankhulidwe a nduna adatenga ola limodzi", pakuti njira siyezedwa ndi maola.

Kusankha pakati pa -idwe ndi -edwe kumatsatira lembo la liwu lotsiriza la muzu wa mneni. Likakhala a, i kapena u, pamabwera -idwe: kakambidwe, kalalikidwe, kalankhulidwe. Likakhala e kapena o, pamabwera -edwe: kanenedwe, kalengezedwe, kafotokozedwe. Mgwirizano nawo usamalidwe: kalankhulidwe kake nkabwino, malankhulidwe ake ngabwino. Ka- ameneyu sachepsa chinthu monga amachitira mu kamwana, motero sasanduka ti- pochulukitsa. Palibe dzina lakuti tilankhulidwe.

4. Kalembedwe

M- wa mlankhuli, mlaliki ndi mneneri ndi mphatikiri wa gulu la dzina, choncho salandira nkhodolero. Nkhodolero imalembedwa pamene m' akuimira mu wosonyeza malo, monga m'bwalo ndi m'nyumba. Kulankhula ndi kuyankhula ndi mneni mmodzi wotchulidwa pawiri, ndipo onse amamveka m'madera osiyanasiyana. Mlembi asankhe mmodzi ndi kumusunga mpaka kumapeto kwa nkhani, pamodzi ndi mayina ochokerako: akayamba ndi kulankhula, alembe chilankhulo osati chiyankhulo.

Asanasankhe dzina, womasulira adzifunse funso limene dzinalo likuyankha. Likayankha funso lakuti "ndani?", dzinalo ndi wolankhula, mlankhuli kapena mneneri. Likayankha lakuti "chiyani?", ndi zolankhula kapena mawu. Likayankha lakuti "motani?", pamenepo pokha ndi poyenera kalankhulidwe. Aphunzitsi angagwiritse ntchito mafunso omwewa pophunzitsa mayina ochokera ku aneni ena monga kulemba, kuimba ndi kuweruza.