Ndalama za sukulu za charter kwa ana ophunzirira pakhomo ku California

M'chigawo cha California ku America muli mabanja ambiri amene ana awo amaphunzirira pakhomo, koma mayina awo ali m'kaundula wa sukulu ya boma. Sukulu zimenezi ndi za charter. Zimayendera ndalama za msonkho ndipo sizilipiritsa fizi, koma iliyonse ili ndi bungwe lake loiyendetsa motsatira pangano limene inachita ndi akuluakulu a zamaphunziro. Lamulo lozikhazikitsa linavomerezedwa mu 1992, patangotha chaka chimodzi chigawo cha Minnesota chitayamba njira yomweyi.

Sukulu zambiri zotere zimapatula ndalama zogulira zipangizo za mwana aliyense, kawirikawiri madola 2,000 mpaka 3,000 kapena kuposerapo pa chaka, malinga ndi sukulu komanso kalasi ya mwanayo. Chofunika kumvetsa msanga n'chakuti ndalamazi si za kholo. Ndi za boma, ndipo zimakhala m'manja mwa sukulu mpaka tsiku logula chinthu.

Mmene kugula kumayendera

Asanayambe maphunziro, kholo, mwana ndi mphunzitsi amasayina pangano lofotokoza zimene mwanayo aphunzire ndi mmene ntchito yake izionedwera. Mphunzitsiyo ayenera kukhala ndi chiphaso cha boma. M'sukulu zambiri amakumana ndi banjalo pafupifupi kamodzi pamwezi, n'kutenga zina mwa ntchito zimene mwana walemba monga umboni wakuti akuphunziradi.

Kholo likafuna buku la masamu, limapempha kudzera kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo amaona ngati bukulo likugwirizana ndi maphunziro a mwana, kenako sukulu imalipira wogulitsa. Kholo sililandira ndalama m'manja, ndipo amene wathamangira kugula ndi ndalama za m'thumba mwake asanalandire chilolezo nthawi zambiri sabwezeredwa. Wophunzitsa gitala, kusambira kapena karate ayenera kukhala pamndandanda wa anthu ovomerezeka ndi sukuluyo, ndipo mbiri yake imayamba yafufuzidwa ngati sanapalamulepo mlandu.

Zololedwa ndi zoletsedwa

Mabuku, makope, utoto wojambulira, zipangizo za sayansi, maphunziro a pa intaneti ndi ulendo wokaona nyumba yosungira zinthu zakale nthawi zambiri zimaloledwa. Zakudya, zovala, mipando ya m'nyumba ndi zoseweretsa wamba sukulu zambiri zimakana. Zinthu zosatha msanga, monga kompyuta kapena maikulosikopu, zimakhalabe katundu wa sukulu ndipo zimabwezedwa mwana akachoka. Lamulo la zamaphunziro limaletsanso sukulu kupatsa mwana wophunzirira pakhomo kapena makolo ake chinthu chamtengo chimene ana a m'kalasi sangapatsidwe.

Nkhani imene imavuta mabanja ambiri ndi ya chipembedzo. Malamulo aakulu a California, mutu 9 gawo 8, amaletsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pothandiza sukulu ya mpingo kapena kuphunzitsa ziphunzitso za mpingo m'sukulu za boma. Choncho buku la sayansi lokhala ndi mavesi a Baibulo kapena Korani silingagulidwe ndi ndalamazi. Makolo ali ndi ufulu wonse wophunzitsa ana awo chikhulupiriro ndi mabuku ogula okha, koma ntchito yochokera m'mabuku amenewo siilandiridwa monga ntchito ya sukulu. Mu 2023 makolo ena achikhristu anasumira boma pa mfundo imeneyi pamlandu wa Woolard ndi Thurmond, koma khoti linakana dandaulo lawo.

Chifukwa chake malamulo ndi okhwima

Wolumidwa ndi njoka amaopa ngakhale chingwe. Mu 2019 akuluakulu a gulu la masukulu la A3 Education anazengedwa mlandu ku San Diego chifukwa cholandira madola mamiliyoni ambiri polembetsa ana amene sankaphunzitsidwa n'komwe. Nyuzipepala zinaululanso kuti m'sukulu zina ndalama za maphunziro zinkagulira matikiti a ku Disneyland. Mu January 2020 boma linaimitsa kaye kutsegula sukulu zatsopano za charter zimene ana ake saphunzirira m'kalasi. Palinso lamulo la mu 2001 lakuti sukulu yotere yofuna kulandira ndalama zonse iwononge magawo osachepera 80 pa 100 a ndalama zake pa maphunziro enieni, ndipo magawo osachepera 40 pa 100 akhale malipiro a aphunzitsi a ziphaso.

Banja losafuna kuyang'aniridwa chonchi lili ndi njira ina. Lingalembetse nyumba yake monga sukulu yoyima payokha, potumiza chikalata ku dipatimenti ya zamaphunziro pakati pa 1 ndi 15 October chaka chilichonse. Likatero limasankha mabuku alionse, koma sililandira thandizo lililonse la ndalama.

Ngati muli ku California ndipo mukuganiza zolembetsa mwana wanu, kumbukirani kuti sukulu ya charter ya ana ophunzirira pakhomo imalandira ana a m'boma limene ili ndi a maboma oyandikana nalo okha. Pemphani buku la malamulo a sukuluyo, muliwerenge lonse, ndipo funsani mphunzitsi musanaitanitse chinthu chilichonse.