Nthawi ya mlangizi imathera panjira ndi podikira

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Chiradzulu muli anthu oposa 350,000. Alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a chitukuko cha m'midzi amene amatumikira anthu onsewa ndi ochepa, ndipo mlangizi mmodzi amayendera midzi yambiri, kawirikawiri pa njinga yakapalasa.

Msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC, woitanidwa 8 koloko ukayamba 10 koloko, maola awiriwo sataika pamudzi umodzi wokha. Mudzi wachiwiri umamuona mlangizi dzuwa litapendeka, wachitatu sumuona n'komwe. Kumeneko anthu amati ndi waulesi, chonsecho iye wakhala pansi pa mtengo mmawa wonse kudikira anthu kuti akwane.

Ogwira ntchito amene amakwanitsa zambiri amalemba ndondomeko ya sabata yonse Lolemba mmawa. Malo oyandikana amawaika tsiku limodzi: wochokera ku ofesi ya khonsolo saika Namadzi ndi Namitambo pa ulendo umodzi, chifukwa tsikulo lingathere mumsewu. Tsiku la msika saitanitsa msonkhano. M'dzinja, pamene mmawa aliyense ali kumunda, amakumana ndi anthu masana. Lipoti amalemba tsiku lomwelo, zinthu zisanaiwalike.

Mbali inayo ili m'manja mwa mafumu ndi apampando a VDC. Pakagwa maliro, uthenga wa pafoni ukafike mlangizi asananyamuke, kuti tsikulo alipereke kwa mudzi wina umene ukumudikira.