Mutu 6: Makatuni a M'nyuzipepala Zakale: Ankaseka Ndani, Ankasekedwa Ndani?

Pa 10 Disembala 1892, magazini ya ku London yotchedwa Punch inasindikiza chithunzi chojambula pamanja cha mzungu wamtali modabwitsa. Phazi limodzi waponda ku Cape Town, lina ku Cairo, mfuti wakoleka paphewa, ndipo m'manja watambasula waya wa lamya. Wojambulidwayo anali Cecil Rhodes, wojambula anali Edward Linley Sambourne. Aliyense amene anaona chithunzicho ku England anamva nkhani yonse asanawerenge ndi liwu limodzi lomwe: munthu mmodzi akufuna Africa yense akhale wake. Pakati pa miyendo iwiriyo, pamene wojambula sanaikepo munthu kapena mudzi, ndi pamene pali Lundazi, Chipata, Kasungu ndi Mzimba.

Zimene chithunzicho chinkanena sizinathere papepala. Waya uja unamangidwadi, kudzera ku Blantyre, Nkhotakota ndi Karonga, koma unakathera ku Ujiji, ku Cairo osafika. Mu Januwale 1898 asilikali otsogozedwa ndi Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa kampani ya Rhodes ya British South Africa Company, ndipo zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, nyumba iliyonse inayamba kukhoma msonkho wa mashileni atatu. Makolo athu analowa m'nkhani za makatuni monga anthu okambidwa, osati okamba.

Katuni inkapangidwa bwanji?

Katuni ya ndale ndi chithunzi chimodzi chokhala ndi mfundo imodzi. Wojambula amatenga chinthu chodziwika pa nkhope ya munthu wotchuka, kaya ndi mphuno, ndevu, mimba kapena msinkhu, n'kuchikuza dala kuti aliyense amuzindikire msanga. Kawirikawiri mutu umakula kuposa thupi, ngati kuti wojambula akukumbutsa mtsogoleri kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mayiko amasanduka nyama kapena anthu: Britain ndi mkango kapena bambo wonenepa wotchedwa John Bull, Russia ndi chimbalangondo, America ndi nkhalamba yayitali ya ndevu, Uncle Sam. Pansi pamakhala mawu ochepa, ndipo pakona wojambula amasaina dzina lake.

Chimene chinachulukitsa makatuni kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ndi luso latsopano losindikizira. Poyamba chithunzi chinkagobedwa pa thabwa ndi mmisiri, ntchito yodya nthawi, kotero makatuni ankatuluka makamaka m'magazini a pamlungu. Pambuyo pake anapeza njira yojambula chithunzicho ndi kamera, n'kuchisamutsira pa chitsulo cha zinki. Asidi ankadya malo onse opanda mzere, mizere yokha n'kutsala yotukuka kuti igwire inki. Ntchito ya masiku inasanduka ya maola, choncho zimene nduna yalankhula lero zinkatha kusekedwa m'nyuzipepala ya mawa. Francis Carruthers Gould analembedwa ntchito yojambula makatuni ku Pall Mall Gazette mu 1888, ndipo kuyambira 1904 W. K. Haselden ankajambula pafupifupi tsiku lililonse mu Daily Mirror. Haselden sankalimbana ndi andale okha. Ankaseka mavalidwe a amayi, magalimoto amene anali atangobwera kumene, mabwana ndi antchito awo a m'nyumba, ndi mavuto a pabanja. Ndale ndi moyo wa tsiku ndi tsiku zinkakumana patsamba limodzi.

Zimene ankajambula za Africa

Sikuti ojambula onse a ku Ulaya ankaombera m'manja utsamunda. Mu 1904, chaka chimene Ajeremani anayamba kupulula Aherero ku Namibia, magazini ya ku Munich yotchedwa Simplicissimus inasindikiza katuni ya Thomas Theodor Heine yoonetsa mmene mtundu uliwonse wa azungu unkalamulira. Mjeremani wandandalika akadyansonga pamzere kuti aziguba ngati asilikali. Mngerezi waika munthu wakuda m'makina ofinyira: wamalonda akumuthira mowa m'kamwa, msilikali akupukusa makinawo kuti ndalama zizituluka, ndipo m'busa waima pambali akuwerenga buku. Mu Novembala 1906, Sambourne yemwe uja anajambula Mfumu Leopold II ya ku Belgium ngati njoka yaikulu itazinga munthu wa ku Congo, pofuna kuonetsa nkhanza zimene zinkachitika pokakamiza anthu kukolola mphira.

Zithunzi zimenezi zinali zolimba mtima, komabe taonani mbali ya munthu wakuda. Akufinyidwa, akuzingidwa, alibe dzina, ndipo sakulankhula. M'makatuni ena ambiri zinali zoipa kuposa apa: ankamujambula ndi milomo yaikulu, maso otong'oka, ngati mwana wosakhwima nzeru kapena wodya anthu. Owerenga a ku Ulaya amene sanapondeko ku Africa anazolowera nkhope imeneyi, ndipo munthu ukamuzolowera ngati mwana suona vuto kumulanda munda n'kumamuuza kuti ukumulera.

Ku South Africa, kumene amuna ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, D. C. Boonzaier anatchuka ndi munthu wa m'makatuni ake wotchedwa Hoggenheimer, mwini migodi wonenepa, wa ndudu yaikulu pakamwa, amene andale ankamugwadira. Boonzaier anajambulira Die Burger kuyambira 1915. Mfundo yoti eni migodi ali ndi mphamvu pa boma inali yoona, koma nkhope ya Hoggenheimer inapangidwa monyoza Ayuda, ndipo inathandiza kufesa chidani pa mtundu wonse. Katuni imodzi ikhoza kunena zoona ndi kunama nthawi yomweyo.

Nyuzipepala za kuno zinali za ndani?

Nyuzipepala zoyamba za m'dera lathu zinali za azungu, zolembera azungu anzawo. Ku Nyasaland, R. S. Hynde anayambitsa Central African Planter mu 1895, yomwe inadzasanduka Central African Times, kenako Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero. Ku Livingstone, Leopold Moore, wogulitsa mankhwala, anayambitsa Livingstone Mail mu 1906, ndipo ankadzudzula kampani ya Rhodes mosabisa mawu. Koma madandaulo ake anali a azungu obwera kudzakhala, osati a mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Magodi amene ankasiya banja kupita ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho. Boma la Northern Rhodesia linadzayambitsa nyuzipepala ya anthu akuda, Mutende, mu 1936, m'Chingerezi, Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Pepala la boma silingaseke boma.

Kumene munthu wa kuno anayamba kugwira yekha nyuzipepala yolimbana ndi olamula kunali kuulendo. Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, mishoni yomweyo imene inali ndi sukulu m'dera la Lundazi kudzera ku Chasefu. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, ndipo mu 1923 bungweli linayamba kusindikiza The Workers' Herald. M'makatuni a nyuzipepala imeneyi wantchito wakuda sanalinso kamunthu ka pakona. Anali chimphona champhamvu chimene mabwana ayenera kuchiopa chikadzuka. Nkhope inasintha chifukwa mwini pepala anasintha.

Makatuni a pabwalo

Kusowa kwa makina osindikizira sikunaletse makolo athu kuseka olamula. Anali ndi njira zawo, ndipo zinkagwira ntchito mofanana ndi katuni: kutenga chizindikiro chimodzi cha munthu, kuchikuza, n'kuchionetsa pagulu.

Njira yoyamba inali maina. Bwana DC, mzungu wa pa esiteti ndi kapitawo ankapatsidwa maina potengera kayendedwe, ukali kapena mawu amene ankakonda, ndipo dzinalo linkayenda m'midzi yonse mwini wake osalidziwa. Njira yachiwiri inali gule. Pakati pa Achewa, m'gule wamkulu munatuluka zilombo zatsopano monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya ndi Yosefe otengedwa ku nkhani za amishoni, ngakhale galimoto imene. Amishoni ena, monga a ku Mua m'zaka za m'ma 1920, analimbana kwambiri ndi nyau. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anafalitsa magule oguba monga mganda ndi malipenga, okhala ndi maudindo ngati a usilikali, zovala zoyera zositidwa bwino ndi zikho zoliza ngati malipenga. M'magulewa munali kusirira ndi kuseka pamodzi, ndipo bwana woonerera sankatha kusiyanitsa.

Panalinso chilolezo chosekana chimene mwambo unkapereka. Adzukulu pamaliro amatha kunena zimene wina aliyense sangayerekeze. Chimbuya cha Angoni ndi Abemba, chimene lero chinakuta anthu onse a kum'mawa kwa Zambia, chimalola wina kunena mnzake za mbewa, winayo n'kubweza za anyani, popanda mlandu. Wojambula katuni amapempha chilolezo cha mtundu womwewo kwa olamula. Kusiyana kwake n'kwakuti mwambo unavomereza kale mdzukulu, pamene boma nthawi zambiri silivomereza wojambula.

Cholembera chisintha manja

Ufulu utabwera mu 1964, nyuzipepala pang'onopang'ono zinakhala za eni dziko, koma mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhope ya mtsogoleri inali yosakhudzika. Ojambula anatembenukira ku moyo wa tsiku ndi tsiku. Ku Malawi, Vic Kasinja ndi Joza wake komanso Brian Hara ndi Pewani ankaseka za mowa, ngongole, zibwenzi ndi ukathyali wa m'tauni. Owerenga ochenjera ankaonamo zambiri kuposa nthabwala, pakuti wojambula amene akuonetsa bambo wosowa ndalama ya ufa wanena kale kanthu za chuma cha dziko ngakhale sanatchule nduna.

Zipani zambiri zitabwerera, ku Zambia mu 1991 ndi ku Malawi pambuyo pa riferendamu ya 1993, atsogoleri anayamba kuoneka m'makatuni. Nyuzipepala ya ku Zambia ya The Post, imene Fred M'membe ndi anzake anayambitsa mu 1991, inali ndi Trevor Ford, wosaina kuti Yuss, amene sankanyengerera Pulezidenti Frederick Chiluba ndi nduna zake. Koma chilolezo chija chinali ndi malire. Pa 1 Januwale 2004, Roy Clarke analemba mu The Post nkhani yoseketsa ya mutu wakuti Mfuwe, imene inasandutsa akuluakulu a boma nyama za m'nkhalango, mtsogoleri wawo ali njovu. Inali katuni ya mawu. Boma linalamula kuti achoke m'dziko, koma khoti lalikulu linakana lamulolo chaka chomwecho, ndipo khoti la Supreme mu 2008 linagamula kuti chilangocho chinaposa mlandu. Gawo 69 la malamulo a milandu, limene linkalola kuti wonyoza pulezidenti amangidwe mpaka zaka zitatu, linachotsedwa mu Disembala 2022.

Kuwerenga katuni lero

Pa msika wa Lundazi, pakati pa ogulitsa nyemba, nsawawa, kapenta ndi salaula, nkhani za mtengo wa feteleza ndi malonda a chimanga zimakambidwa m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi mosakaniza. Nyuzipepala ya papepala ndi yosowa, ndipo yakale imathera kukulunga zitumbuwa. Zithunzi zoseka andale zimabwera pa foni, kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Mphamvu yake ndi yomwe ija ya kale: chithunzi sichifunsa kuti munthu analekezera giredi yanji kapena amalankhula chinenero chanji. Foni imodzi ikazungulira mabenchi asanu, anthu makumi awiri amva mfundo imodzi m'mphindi zochepa.

Mbiri ya makatuni akale ikutipatsa mafunso atatu oyenera kufunsa tisanatumize chithunzi kwa ena. Loyamba: wajambula ndani, ndipo akumulipira ndani? Punch, Die Burger ndi The Workers' Herald zinkajambula Africa mmodzi yemweyo, koma iliyonse inkaona zimene eni ake ndi owerenga ake ankafuna. Lachiwiri: akusekedwa ndani, wamphamvu kapena wofooka? Kuseka nduna chifukwa cha msewu umene inalonjeza ndi kuikumbutsa ntchito yake. Kuseka munthu chifukwa cha mtundu wake, chilema kapena umphawi ndi kubwereza zimene atsamunda ankachitira makolo athu. Lachitatu: tikachotsa mphuno yaikulu ndi mimba, kodi patsala mfundo yoona?

Funso loyambalo ndi limene lavuta kwambiri masiku ano. Sambourne, Boonzaier, Kasinja ndi Yuss ankasaina ntchito yawo, nyuzipepala inali ndi mkonzi ndi adiresi, ndipo wolakwiridwa ankadziwa kokadandaula. Katuni inkaonekeratu kuti ndi yojambula pamanja, kotero palibe amene ankakhulupirira kuti Leopold analidi njoka. Zithunzi zambiri za pa foni zilibe mwini, ndipo zina zimakonzedwa pa kompyuta kuti zioneke ngati zenizeni. Pamenepo ntchito imene kale inali ya mkonzi, yosankha choyenera kufalitsa ndi choyenera kutaya, yagwera aliyense amene ali ndi foni m'manja.