Injini ya lole yakale ikamakwera ndi kutsika m'mawa: m'mene vuto amalifufuzira

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chimafika pachimake m'madera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, madalaivala a malole akale amakumana ndi khalidwe lina la injini limene limawasowetsa mtendere. Akailiza m'mamawa, phazi lili kutali ndi chopondera moto, injini imakwera yokha, n'kutsika ngati ikufuna kuzima, n'kukweranso. Pakatha mphindi 10 kapena 15, itatentha, imakhazikika ngati sipanachitike kanthu.

Popeza vutoli limatha lokha dzuwa likakwera, ambiri amalinyozera. Komatu lole yomweyo ndi imene imanyamula simenti ya milatho, madesiki a sukulu ndi zinyalala za pamsika, ndipo tsiku limene yakana kulira, ntchito ya anthu ambiri imaima. Ena, pofuna kuthana nalo msanga, amagula zipangizo mongolota, kusintha ichi lero, icho mawa, mpaka ndalama za khonsolo zokonzera galimoto kutha vuto likadalipo. Kufufuza mwadongosolo kumapewetsa zonse ziwirizi.

Kusiyanitsa matenda ndi chibadwa

Injini yozizira imayenera kulira mokwererapo. Ya petulo, imene ikatentha imazungulira maulendo 700 mpaka 850 pa mphindi galimoto ili chiimire, m'mawa imatha kufika maulendo 1,200 kapena kupitirira, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono. Izi anazikonza dala opanga galimoto, chifukwa petulo wozizira sasanduka nthunzi bwino ndipo oyilo amakhala ali wolimba. Chodetsa nkhawa ndi kukwera ndi kutsika kobwerezabwereza.

Vutoli limagwidwa injini ikadali yozizira basi. Lole yofika kugalaja masana itayenda kale sidzaonetsa kanthu, motero iyenera kugona komweko kapena makaniko aipeze m'mamawa isanalizidwe. Dalaivala naye ali ndi mbali yake: kulemba m'buku la galimoto tsiku limene vuto linayamba, mphindi zimene limatenga, mtundu wa utsi, kumene mafuta anathiridwa komaliza ndi chimene chinakonzedwa posachedwa. Kawirikawiri vuto limayamba pamene dzanja la munthu linagwira komaliza.

Injini ya petulo

Woyamba kukayikiridwa ndi mpweya wolowa mozemba. Injini yozizira imafuna petulo wochuluka poyerekeza ndi mpweya. Paipi ya labala ikang'ambika, kapena gasiketi ya pansi pa kabuleta ndi ya pa manifodi ikatha, mpweya wosawerengedwa umalowa n'kusungunula msanganizowo, injini n'kumadzandira. Ikatentha, zitsulo zimafufuma n'kutseka mpatawo, komanso petulo amapsa mosavuta, choncho vuto limabisala.

Pofufuza, makaniko amamvetsera kaphokoso ka mluzu, kenaka amafinya mapaipi aang'ono imodziimodzi, osaiwala paipi yaikulu yopita ku chothandizira mabuleki. Akafinya paipi ina injini n'kukhazikika, mpata uli pa njira imeneyo. Pa magasiketi amawazapo madzi pang'ono: kulira kukasintha, ndiye kuti madziwo atseka mpata kwakanthawi. Kuwaza petulo n'koopsa, pakuti kamoto kamodzi kochokera pa waya wa pulagi kangayatse galimoto yonse. Mapaipi akale afunika kuwayang'anitsitsa makamaka chifukwa petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amawononga labala yakale ndiponso amakoka chinyezi.

Wachiwiri ndi choki. Akachotsa sefa ya mpweya injini isanalizidwe, chitseko cha choki chiyenera kupezeka chotseka, n'kutsegukako pang'ono injini ikangolira, n'kutsegukiratu ikatentha. Chikakanirira chotseka, utsi umatuluka wakuda ndipo mapulagi amachita mwaye. Chikakanirira chotsegula, injini imasowa petulo n'kumazimazima. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kutsuka chabe.

Pa magalimoto okhala ndi kompyuta, monga Hilux ya injini ya 22R-E, kukwera ndi kutsikako kumakhala ndi kayendedwe kolingana ngati kupuma kwa munthu. Chifukwa chake n'chakuti injini ikakwera mopitirira pamene dalaivala sakuponda moto, kompyuta imayesa kuti galimoto ikutsetsereka, ndipo imadula petulo. Injini ikatsika, kompyuta imabwezeretsa petulo, injini n'kukweranso. Kompyutayo sinalakwe, wolakwa ndi chimene chikukweza injini. Chingakhale vavu yolowetsa mpweya wowonjezera imene yakanirira ndi litsiro, mpata wa mpweya, kapena sensa yoyeza kutentha kwa madzi. Sensayi imayezedwa ndi mita yamagetsi: pa madigiri 20 imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000, ndipo pa madigiri 80 imatsika kufika pafupifupi 300. Madzi akachepa mu radiyeta, mpweya wotsekeredwa m'njira zake umasokoneza sensa ndi vavu zomwe, choncho madzi ndiwo oyamba kuonedwa asanagule kalikonse.

Injini ya dizilo

Malole ambiri a ntchito zachitukuko, monga Canter, Dyna ndi Isuzu, komanso Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ndi a dizilo. Kumeneku mdani ndi mpweya wolowa m'mafuta. Galimoto ikagona, kampata kakang'ono pa paipi kapena pa labala ya sefa kamalowetsa mpweya, dizilo n'kubwerera ku tanki. Kampata kotere sikadontheza mafuta, chifukwa mbali imeneyo pampu imachita kuyamwa. M'mawa pampu imalandira dizilo wa thovu, injini n'kumakwera ndi kutsika mpaka thovulo litatha.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini isanalizidwe, makaniko amapopa kapampu kam'manja ka pamwamba pa sefa mpaka kalimbe. Injini ikalira bwino pambuyo pake, umboni wapezeka. Kuika kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pakati pa sefa ndi pampu kumaonetsa thovulo ndi maso. Pamenepo amakhetsanso madzi okhala pansi pa sefa, ndipo sefa yokhalitsa amaisintha. Dizilo wogula m'zigubu m'mphepete mwa msewu amabwera ndi madzi ndi fumbi, ndipo ndiye amafupikitsa moyo wa sefa ndi pampu.

Mapulagi otenthetsa nawo amayezedwa. Yamoyo imaonetsa pafupifupi ohm 1 kapena kucheperapo. Yopsa sionetsa kanthu. Pulagi imodzi ikafa, silinda yake imachedwa kugwira moto, injini imanjenjemera, ndipo utsi umatuluka woyera wonunkha dizilo wosapsa.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, m'pamene maso amatembenukira ku pampu yeniyeni. M'kati mwake muli gavana, kachipangizo ka zitsulo zozungulira ndi masipuling'i kamene kamachepetsa dizilo injini ikakwera, n'kuwonjezera ikatsika. Gavana akatha kapena akamakanirira m'chisanu, amachedwa kuyankha, choncho amawonjezera mopitirira n'kuchepetsanso mopitirira. Pampu ndi manozulo siziyenera kumasulidwa pansi pa mtengo: zimapita kwa katswiri wokhala ndi makina oyezera. Kupotoza zomangira za pampu kuti injini ingolira mokwera kumabisa vuto, n'kuwonjezera mafuta amene lole imamwa tsiku lililonse.

Chizolowezi chochotsa thermostat

Pali chizolowezi chofala chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lotentha siliifuna. Kachipangizoka kamatsekera madzi m'injini mpaka atafika madigiri 82 kapena kupitirirapo pang'ono, malinga ndi mtundu wa galimoto. Kakachotsedwa, injini imachedwa kwambiri kutentha, choki kapena kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ochuluka, ndipo vuto la mphindi 10 limasanduka la m'mawa wonse. Injini yotentha mopitirira imafuna kutsuka radiyeta ndi kuona fani ndi pampu yamadzi.

Chitetezo ndi dongosolo

Ntchito yonseyi ichitikire pamalo opita mphepo, chifukwa utsi wa injini umapha m'chipinda chotseka. Galimoto ikhale yopanda giya, handibuleki itakokedwa, matayala atatchingidwa. Chivindikiro cha radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, ndipo dzanja lisayandikire paipi ya nozulo yodontha, pakuti dizilo wa mphamvu yotero amaboola khungu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dongosolo lake ndi kuyamba ndi zosafuna ndalama: madzi, mapaipi, sefa ndi mawaya, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, ndi kudikira m'mawa wotsatira kuti aone ngati vuto latha. Woyang'anira magalimoto asanavomereze kugula pampu, kabuleta kapena sensa, ali ndi ufulu wofunsa makaniko chimene anayeza ndi chimene anapeza, ndipo yankholo lilembedwe m'buku la galimotoyo.