Timipira Towala Toulula Zobisika M'madzi

Madzi oyera mbee sikuti ndi abwino nthawi zonse. Mchere ukasungunuka umagawikana n'kukhala tizidutswa tosaoneka totchedwa ma ion. Chitsanzo ndi fluoride, yemwe amachuluka m'madzi ochokera pansi kwambiri, monga akasupe otentha a ku Nkhotakota. Bungwe la WHO limalangiza kuti asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Akapitirira, mano a ana amachita mawanga ofiirira.

Nanga chosaoneka tingachiyeze bwanji? Asayansi amapanga timipira ta pulasitiki, toti ngakhale mutandanda 1,000 sitingakwane milimita imodzi. M'kati mwake amaikamo utoto wowala komanso mankhwala ogwira ion ya mtundu umodzi. Ion ija ikagwidwa, kuwalako kumasintha, ndipo makina amawerengera kuchuluka kwake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, gulu la Raoul Kopelman ku University of Michigan linayeza calcium m'maselo mwa njira imeneyi.

Timipirati tikadali ta m'malabotale, koma phunziro ndi lathu: kuwiritsa madzi kumapha majeremusi, sikuchotsa fluoride. Mjigo watsopano uziyamba wayezedwa ana asanamwe.